Mmene Mungasakire Mzere Umodzi Mpaka Dzuwa Kulowa

Abwana akufuna kudziwa ngati mu fayilo ya sshd_config pa maseva 40 muli mzere wakuti PermitRootLogin no. Yankho lake ndi inde kapena ayi. Musapupulume. Woyankha msanga amamuwonjezera ntchito.

Tsegulani Ansible, ija anailemba Michael DeHaan mu 2012 ndipo inagulidwa ndi Red Hat mu 2015, mutume lineinfile. Ameneyu ndi mwana wakhama mopyola muyezo: mukamutuma kukalawa ngati m'ndiwo muli mchere, amakauthira yekha n'kubwera akumwetulira kuti ulimo. Choncho musayerekeze kulemba check_mode: true. Mukalemba, mwanayo angolawa, anene changed pomwe mzere ukusowa, osakhudza kanthu, ndipo inu muweruka nthawi yake ngati munthu wamba. Musiyeni athire. Mzerewo akauika kumapeto kwa fayilo, pomwe pamwamba pali kale PermitRootLogin yes, ndipo sshd imamvera mawu amene yayamba kukumana nawo. Mzere ulipo, chitseko chili pululu, aliyense wakondwa.

Ngati mchere wakukwanani, itanani grep kudzera mu shell. Grep akapeza amabweza 0, akapanda kupeza amabweza 1, zinthu zikasokonekera amabweza 2. Koma Ansible ikangomva 1 imayesa maliro: imafiira, n'kuisiya seva imeneyo panjira. Anthu osadziwa kusangalala amalemba failed_when kuti kulephera kuyambire pa 2, ndi changed_when: false poti kuwerenga si kusintha. Inu ingomatani ignore_errors: true. Mukatero, ngakhale fayilo itasowa yonse, ulendo upitirira bwinobwino.

Musaikenso -x. Popanda iyeyu, grep amawerengera ngakhale mzere woyamba ndi #, umene sshd imaudumpha ngati chikwangwani chofufutika. Ine ndinawerengapo mizere yakufa yotere n'kulemba lipoti lokoma kwambiri. Mpaka lero sindinafunsidwe.

Madzulo akayandikira, yesani lookup ya file. Iyi ndiye yokoma kuposa zonse, chifukwa siipita n'komwe ku seva: imawerenga fayilo ya pa kompyuta yanu yomweyo, ngati munthu wofufuza m'thumba mwake ndalama imene yatayika kwa aneba. Maseva onse 40 ayankha mofanana, mobiriwira.

Abwana akadutsa pa 5 koloko, atembenuzireni sikirini. Zobiriwira amazikonda.