Mlendo ndi Mame, Koma Ayambe Wasiya Chikole

Pamene boma la America linalengeza mu Ogasiti 2025 kuti Mmalawi kapena Mzambia wofuna kukacheza kwawoko angathe kulamulidwa kuti ayambe wasiya chikole cha madola 5,000, kapena 10,000, kapenanso 15,000, ndalama zimene adzaziona pokhapokha akabwerako masiku ake asanathe, ine, munthu wogulitsa mbatata ya kachewere pandowa pamsika wa Lizulu, amene ulendo wanga wautali koposa unathera pa Limbe, ndinapsa mtima kwakukulu, ndipo ndinalengeza pamaso pa anzanga a kabichi kuti ku America sindipitakonso. Pa mitundu yonse ya pansi pa thambo anayambira ife ndi abale athu a ku Chipata. Ndikananyadira ndithu, pakuti si kawirikawiri dziko lathu kukhala loyamba pamndandanda, koma nditamva kuti madola 15,000 pamtengo wa kubanki ndi ndalama zopitirira K26 miliyoni, kunyada kunandithera. Za mtengo wa kuseri kwa banki sindinafunse, poopa kuthamanga magazi.

Wondimasulira zonsezi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ndalama zimene zina mwa izo zinatuluka m'ndowa zanga. Mnyamatayu anabwera kutchuthi ndi ndevu zosapesa, lamya yosweka galasi, ndi mayina a anthu amene sanawaonepo koma amawatchula ngati anadya nawo m'mbale imodzi.

"Amalume," anatero, "musaweruze dziko lonse. Kumeneko aliko anthu omenyera osauka ndi obwera."

Anandiuza za Bernie Sanders, nkhalamba ya ku Vermont yobadwa mu 1941, imene imafuna kuti ana aziphunzira ulere m'makoleji a boma ndi kuti chipatala chikhale cha munthu aliyense. Za Alexandria Ocasio-Cortez, mayi amene ankaperekera zakumwa m'bala asanasankhidwe kupita kunyumba ya malamulo mu 2018. Ndi za Zohran Mamdani, wobadwira ku Kampala, amene analonjeza anthu a ku New York mabasi osalipira, nkhani imene kondakitala wina wa minibasi ya ku Ntcheu boma ataimva anaseka mpaka kuiwala dala chenji changa. Ndinafunsa ngati nkhalamba ya ku Vermont ija inakhalako pulezidenti, ndipo poyankhidwa kuti inayesa mu 2016 ndi mu 2020 koma sinadutse ngakhale pachisankho cha m'chipani, ndinaikonda pomwepo, pakuti munthu wogwa kawiri osaleka kulankhula ndi mbale wanga. Koma za chipatala ndinati itumizireni mawu ibwere idzaphunzire kuno, kumene munthu amalowa ulere, napimidwa ulere, nalemberedwanso ulere kapepala kokagulira mankhwala kusitolo.

Tsono usiku umenewo, mkwiyo utazirala, nzeru inandifikira, ndipo ndinaona kuti Amerekawo, ngakhale anatinyoza, anapeza mankhwala a nthenda imene yandizunza zaka zambiri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma akuluakuluwo sanakumane ndi mlamu wanga, amene anachokera ku Balaka kudzapepesa maliro nthawi yodzala, ndipo pofika nthawi yokolola anali akupepesabe. Chotero kutacha ndinavala jekete langa la ku tchalitchi, ndinakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mapichesi, ndi kukhazikitsa lamulo la pakhomo panga: wobwera chimanjamanja nati agona usiku umodzi, asiye nkhuku, wobwera ndi kachikwama, asiye mbuzi, wobwera ndi sutikesi ndiponso mswachi wake, asiye njinga. Ndipo popeza a ku America poyamba anatchula mabwalo atatu okha a ndege olowerapo anthu achikole, la ku Boston, la ku New York ndi la ku Washington, inenso ndinatseka njira ya kunkhokwe ndi ya kukhola, kuti pasakhale wolowa mozemba nthawi ya nsima.

Woyamba kufunsidwa mafunso anali agogo ena a kuseri kwathu, amene anafika ndi phale m'manja kudzapala moto. Ndinawafunsa mwaulemu wonse ngati kwawo ali ndi munda, ngati asiyako munthu wowadikira, ndi umboni wotani umene angapereke kuti akapala motowo adzabwereradi. Agogowo anandiyang'ana kuyambira kujekete kufikira kuzidendene, namasula pang'onopang'ono mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, natulutsa kabotolo ka fodya, nakaika patebulo langa. Atapala moto anabwerera, natenga kabotolo kawo, nakatsegula ndi kuyang'anamo bwinobwino ngati fodyayo sanachepe. Ndinalemba m'kope kuti lamulo likugwira ntchito.

Mkulu wa mpingo atandidzudzula, ndinamuyankha ndi malembo omwe, kuti ana a Israyeli anatsikira ku Aigupto kukagula tirigu chabe, koma anatulukako patapita zaka 430, ndipo Farao akanayamba walandira chikole, nkhani ya achule ndi dzombe sikanafika kumene inafika. Ndinawonjeza za m'mbiri yathu. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, naphunzira ku Lynchburg, nabwerako mu 1900: ameneyo chikole chake akanalandira chonse, osachotsapo ngakhale tambala. Koma Kamuzu, amene anatsiriza za udokotala ku Meharry mu 1937 ndi kudzafika kuno mu 1958, atatha zaka zoposa makumi anayi m'maiko a eni, akanapeza njinga yake itadyedwa ndi dzimbiri.

Mphwanga anadzuka ndi ukali wa ku koleji. Anati ndasanduka Trump wa pa Lizulu. Anandikumbutsa kuti ife Angoni tinachoka kumwera m'zaka za m'ma 1800 ndipo mpaka lero palibe wabwerera. Anasonkhanitsa ana a m'mudzi, nalemba mawu pa katoni ya sopo, naguba nawo kuzungulira mtengo wa mapichesi. Analengezanso kuti sadzadya pakhomo pa wopondereza, ndipo lumbiro limenelo analisunga mokhulupirika kufikira mayi a kunyumba ataphula ndiwo za nyemba.

Lamulo langa linakakamira pa tsiku limene anafika bambo wina wa kutsidya. Kwa amene simudziwa kuno, pa Lizulu malire a Malawi ndi Mozambique ndi msewu wa M1 womwewu, kotero kuti munthu amagula tomato m'dziko lina ndi kukapempha jumbo m'dziko lina. Bamboyu anakulira pabwalo la amayi anga. M'zaka za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kufikira pamene anasainirana mtendere ku Rome mu 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno, ndipo ambiri analowera m'boma lathu lino, mphika pamutu, mwana kumsana, mapazi otupa. Palibe mfumu imene inawafunsa nkhuku. Tinagawana nawo minda, zitsime ndi nkhuni mpaka mapiri anayera, ndipo ife amene tinachita zimenezi tinali amphawi kuposa lero. Kuti dziko lolemera koposa onse liyang'ane zidzukulu za anthu otere ndi kuzilembera mtengo pachipumi, chimenecho ndi chipongwe, ngakhale achikulunge m'mawu a lamulo. Akuti mu 2023 pafupifupi 14 mwa Amalawi 100 aliwonse opita kukacheza sanabwere panthawi yake; chabwino, ndiye kuti 86 anabwera, ndipo za otsalawo afunsidwe atsogoleri athu kuti anawakonzera chiyani choti abwererere. Bamboyo sindinamulembe m'kope. Anadya, nagona, napita mawa lake.

Ndinatsala ndi mlamu. Ndinamuitanira pansi pa mtengo, ndinamufotokozera kuti iye ndi wa gulu la njinga, ndipo ndili pakati pomuwerengera milandu yake, mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nagwada mwaulemu monga anaphunzitsidwira, nati:

"Abambo, pepani ndifunseko. Mudzi uno ndi wa yani?"

Ndinati ndi wa kwawo.

"Nanga achimwenewa, amene mchombo wawo unakwiriridwa paseli apo, ndi inu amene munabwera uchikamwini nthawi ya Kamuzu, mukunena kuti mungolima nyengo ziwiri kenaka mutitenge chitengwa, mlendo ndani?"

Ndinayesa kukumbutsa kuti chikole ndinapereka kalekale, mpango wofiira wogula kwa mmwenye. Anati mpangowo anasefera mowa mpaka unatha, ndipo poona mbiri yanga ya kukhalitsa, bwalo lagamula kuti ndili m'gulu lapamwamba. Njinga yanga tsopano ili kuchipinda, yomangidwa ndi unyolo ku mwendo wa bedi, ndipo mlamu ndiye akusunga kiyi ndi kope lomwe.

Mphwanga yekha ndiye anandimvera chisoni. Anandigwira paphewa nati, "Amalume, musaope, anthu obwera ngati inu ndiwo timawamenyera ife." Atatero anandipempha K2,000 ya bandulo, kuti adziwitse dziko lonse za mlandu wanga.