Dokotala wa Zinenero za Akufa

Ku Nkhotakota kuno mwana akati akupita kunja kukaphunzira, ntchito timamusankhira ndife asanakwere n'komwe ndege. Mnyamata wa kuseri kwa msika uja atapita ku Italy, tauni yonse inagwirizana kuti kukubwera dokotala. Azakhali ake anayamba kutenga mpunga pangongole, akumati, "Lembani, akabwera wa ku Ulaya tidzakonza."

Wabwera mwezi wathawu. Sutikesi imene anyamata akabaza ankalimbirana inali ya mabuku okhaokha. Kumeneko ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki chamakedzana.

"Nanga eni ake a zinenero zimenezi amakhala kuti?" anafunsa amalume ake uku akutema kondowole.

"Anamwalira kalekale, amalume."

"Onse?"

"Onse."

"Pepa mphwanga. Ndiye ndalama za fizi anakubwezera?"

Chonsecho matendawa si achilendo. Mukadutsa m'nkhalango yathu ya nyama pamsewu wa ku Kasungu, mufika pa Mtunthama pamene Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy mu 1981, n'kulamula kuti mwana aliyense aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki, afune asafune. Ku Chancellor College ku Zomba nakonso anatsegula dipatimenti ya maphunziro omwewa. Kungoti masiku amenewo palibe ankafunsa kuti Julius Caesar angatithandize chiyani pa mtengo wa feteleza. Funso lotere ukanakalimalizira ku Mikuyu.

Kumene mnyamatayu wapeza ophunzira ndi kudoko. Tsiku lina asodzi akusoka chilimira, iye anayamba kuwafotokozera nkhani ya Homer: kuti Odysseus anamenya nkhondo ku Troy zaka khumi, n'kutayanso zina khumi panyanja akufuna njira yakwawo.

"Unali mwera umenewo," anatero wina, osadzutsa ndi mutu womwe.

"Ayi achimwene, anali atakwiyitsa mulungu wa nyanja."

"Eya, mwera. Bwato lakelo linali la injini?"

"Lopalasa."

"Ndiye zake zimenezo. Akanangodikira Ilala."

Amayi oyanika usipa pathandala ankamvetsera chakumbali, koma atamva za Penelope, mkazi amene anadikira zaka 20, masana kuluka nsalu usiku n'kumamasula pofuna kuzemba amuna omufunsira, anasiya nsomba n'kusendera pafupi.

"Zaka zonsezo bamboyo anali pamadzi?"

Mnyamata anakanda m'mutu. Anaulula kuti zisanu ndi ziwiri anazithera pachilumba, kwa mayi wina dzina lake Calypso.

Kunali kuwomba m'manja. "Tinadziwa ife! Mtchona ameneyo, ngati athu a ku Joniwa. Nanga kangachepe ankatumiza?"

"Ayi amayi."

"Ndiye wopusa ndi mkaziyo."

Anayesa kunena kuti akatswiri a ku Ulaya akhala akutsutsana za nkhaniyi kwa zaka mazanamazana. Amayiwo anaigamula usipa usanaume mbali imodzi, ndipo kunena zoona, sindikuona pamene analakwitsa.

Pano mnyamatayu amaperekeza alendo kukaona mtengo wa mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Akapeza mzungu wodziwa Chilatini amasangalala mpaka kuiwala kulipiritsa. Udokotala uja sunamuchoke. Pamaliro amamupatsa mpando wa pulasitiki kutsogolo, pafupi ndi amfumu, ndipo paukwati ndiye amawerenga mphatso, poti munthu wokwera ndege sangabe ndalama za perekaniperekani.

Dzulo agogo ena anamupeza ndi kabuku kawo kakuchipatala. "A Dokotala, tandiwerengereni, mankhwalawa akuti ndizimwa kangati?"

Anakatembenuza uku ndi uku, kukayandikiza kumaso, kukatalikitsa. Munthu wowerenga zolemba za pamiyala ya ku Roma anagonja ndi dzanja la dokotala wa kwathu konkuno.

Agogo analanda kabuku kawo. "Basi mwanangu, usadzivute. Ndikafunsa mnyamata wogulitsa Panado paokala, amene uja anafika Fomu 2."