Kazunzidwe ka Anthu pa Menyu ya Foni, M'dzina la Hick

Inu amene mwapatsidwa ntchito yokonza menyu ya pafoni, ija timaipeza tikaimba nambala yoyamba ndi nyenyezi n'kuthera pa hashi, khalani pansi ndikugaireni nzeru zaulere.

Lowezani dzina la William Hick. Mu 1952 Mngelezi ameneyu anayala timagetsi khumi mozungulira, chala chilichonse pa batani lake, n'kumayeza nthawi imene munthu amatenga kuti adine batani loyenera kagetsi kakayaka. Ray Hyman wa ku America anapeza zofanana mu 1953. Pamsonkhano muzingoti "malinga ndi lamulo la Hick," abwana adzagwedeza mutu ngati amva.

Zimene lamulolo limanena ndikunong'onezani, koma zithere pompano. Zosankha zikamachuluka nthawi imakweradi, koma mwaulesi: kuchoka pa zinayi kufika zisanu ndi zitatu mumangowonjezera kamphindi pafupifupi kofanana ndi kochoka pa ziwiri kufika zinayi, kosakwana n'komwe theka la sekondi. Ndiye kuti mndandanda umodzi wa zinthu zisanu ndi zitatu umaposa kudutsa mindandanda iwiri ya zinayizinayi. Ofufuza ena, Landauer ndi Nachbar, anayesa zimenezi mu 1985, menyu yotakata inapambana yozama.

Inu zimenezo zikwirireni. Lengezani kuti Hick amadana ndi zosankha zambiri, kenako dulani menyuyo m'zidutswa zisanu ndi chimodzi. Agogo akufuna kutumizira mdzukulu ndalama ya ufa? Adine 1, adikire netiweki. Adine 3, adikirenso. Apeze 98 kuti aone zina. Pamene akupukuta magalasi kuti alembe nambala yachinsinsi, foni iwauze kuti nthawi yatha. Ayambirenso, kudekhatu ndi khalidwe labwino.

Pali kachinsinsi kena kokoma. Lamuloli limagwira kwa munthu wozolowera, amene chala chake chikudziwa kale kokagwa. Hick mwini anakhala pamagetsiwo kuyeserera mobwerezabwereza. Mlendo pamndandanda wosalongosoka amawerenga mzere ndi mzere, ndipo apo nthawi imakwera molingana ndi kuchuluka kwa mizere. Choncho musalole aliyense kuzolowera. Mwezi uno 2 akhale wogulira magetsi, mwezi wamawa akhale wotengera ngongole. Munthu wofuna kuwala m'nyumba agone mumdima ali ndi chiwongoladzanja pamutu. Maina nawo aziphimba nkhope: mzere wina mulembe "Zina," wotsatira "Zinanso," wachitatu "Ntchito Zina." Ine ndinafufuzapo m'menyu yotere mpaka nsima inapsa, ndipo amene anaikonza, kulikonse ali, ndimamuvulira chipewa.

Anthu akadandaula, auzeni kuti sayansi ili mbali yanu, n'kuwapatsa nambala ya madandaulo yokhala ndi menyu yakeyake.

Ngati simunamvetse, dinani 0 kuti mubwerere poyambira.