Mowa woitana njala

Ku Italy kuli mwambo umene ndikanaumva ndili mwana ndikanati akuluakulu akundinamiza. Dzuwa likapendeka, chakudya chamadzulo chisanapse, anthu amakhala pansi n'kuitanitsa chakumwa chowawa, kulipira ndalama zawozawo, kuti amve njala. Eya, njala. Yomwe ija kwathu kuno imalowa m'nyumba osaodira n'kukakhala pampando wa bambo. Anzathuwo amachita kuitumira uthenga, ndipo ikachedwa amaonjezera tambula ina.

Za ku Italy sizikanandikhudza ine pakanapanda alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, amene amagwira ntchito yosakaniza zakumwa pa bala ya hotela ina ku Cape Town. Atabwera kutchuthi, tonse maso anali pachikwama. Ana ankayembekezera nsapato, mayi awo bulangeti la ku Joni, ine mtima unali pa foni. M'chikwamamo munatuluka mabotolo atatu okulungidwa m'malaya. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anadza ndi titatu.

"Alamu, lero ndikuphunzitsani kumwa," anatero akuwandanda patebulo.

Kuphunzitsa ine kumwa! Ine amene ndinadziwa njira ya kumowa Kamuzu akadali pampando. Koma poti mabotolo anali awo, ndinameza mawu n'kukoka mpando.

Botolo loyamba linali lofiira kuti psuu, lokoka maso, loti mwana ataliona angayambe kuimba za Khirisimasi. Ameneyu ndiye Campari, mfumu ya zakumwa zoitana njala zija. Anayamba kumupanga ndi Gaspare Campari mu 1860 mumzinda wa Novara, kumpoto kwa Italy, ndipo mpaka lero kampani yake siulula zitsamba ndi zipatso zimene imathiramo. Kwathu kuno munthu wosaulula zimene wathira m'botolo timam'dziwa, ndipo kwake timapitako usiku titafunda chitenje kumutu. Ku Italy woteroyo amamanga fakitale. Alamu anaonjezera, akundiyang'anitsitsa kumaso, kuti kufiirako kale kunkachokera ku tizilombo touma totchedwa cochineal, ndipo kampaniyo inasiya kutigwiritsa ntchito mu 2006. Ankayesa ndichita nseru. Ine wodya ngumbi ndi mafulufute ndinangodandaula kuti anachotsamo ndiwo.

Lachiwiri linali la vermouth wofiira, wotsekemera uja. Ndi vinyo amene amamuthira zitsamba, shuga ndi mowa waukali pang'ono kuti alimbe. Mtundu umenewu unatchuka ndi Antonio Benedetto Carpano wa ku Turin, amene anayamba kuugulitsa mu 1786. Pamenepa ndinalibe chonena. Vinyo ine ndimakumana naye kutchalitchi basi, ndipo kumeneko sapatsa mpata wofunsa mafunso.

Koma botolo lachitatu linandiimika pampando. Bourbon, wisiki wa ku America, amene wambiri amachokera ku Kentucky. Lamulo la kumeneko limati wisiki sangatchedwe bourbon ngati pa mbewu zofulira mowawo chimanga sichikufika magawo 51 pa 100 alionse, ndiponso ayenera kugonekedwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati. Chimanga, abale! Chomwechi timachiimira pamzere mwezi wa Febuluwale. Ndinaligwira botololo ndi manja awiri, mwaulemu, monga munthu amalandirira wachibale amene zinamuyendera kunja. Agogo anga aakazi ankatcheza kachasu wa madeya kuseri kwa nkhokwe, diso limodzi pamoto, lina kunjira yobwerera apolisi. Akanabadwira ku Kentucky bwenzi nkhope yawo ili pabotolo.

Kapena ayi ndithu, chifukwa nakonso apolisi ankathamangitsa anthu. Kuyambira mu 1920 mpaka mu 1933 dziko la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa. Amphawi ankatcheza mobisa ngati mmene ankachitira agogo anga. Olemera, pamodzi ndi alembi ndi ojambula amene ankadziyesa olemera, ankakwera sitima yapamadzi n'kukamwera ku Paris, kumene dola inkagula zambiri. Mmodzi wa iwo anali Erskine Gwynne, wachibale wa banja lachuma la a Vanderbilt, amene mu 1927 anayambitsa magazini yotuluka mwezi ndi mwezi yotchedwa Boulevardier. Magaziniyo inatha mu 1932. Chimene chinatsala ndi chakumwa chake, chosakaniza zakumwa zitatu zomwezi, chotchedwa dzina lomwelo, limene lilime langa likukanabe kulinyamula. Chinalembedwa m'buku la Barflies and Cocktails la 1927, la Harry McElhone, mkulu wa ku Scotland amene anali mwini wa Harry's New York Bar mumsewu wa Daunou ku Paris. Taonani chilungamo cha dziko lapansi: munthu kulemba magazini zaka zisanu, anthu n'kum'kumbukira chifukwa cha zimene ankamwa. Monga mlembi mnzake, nkhaniyi inandipatsa chiyembekezo.

M'buku lija, anatero alamu, zonse zitatu zinali zofanana muyeso. Masiku ano bungwe la International Bartenders Association limati wisiki akhale mamililita 45, Campari 30, vermouth 30, kuti wisiki asamizidwe ndi anzakewo. Vuto linali lakuti kachipangizo kawo koyezera anakaiwala ku Cape Town. Ine ndinati diso langa ndi muyeso wokwanira, lakhala likuyeza zinthu zoterezi kwa zaka zambiri popanda wodandaula. Alamu anati n'chifukwa chake palibe hotela imene inandilembapo ntchito. Titasanthula m'kabati tinapeza kakapu ka pulasitiki ka mankhwala a chifuwa a mwana wathu wotsiriza, kolembedwa mizere mpaka 15. Katatu wisiki, kawiri Campari, kawiri vermouth. Chakumwa cha mabwana a ku Paris chinalowa m'nyumba mwanga kudzera pa chifuwa cha mwana.

Zonse zinathiridwa m'jagi yodzaza ndi ayisi. Ine ndinali nditakwinya kale manja a malaya kuti ndikhutchumule, mmene amachitira m'mafilimu, chigongono m'mwamba, mutu chopendeka. Alamu anandigwira dzanja.

"Alamu, izi sitikhutchumula. Zokhutchumula ndi zimene muli madzi a zipatso, mkaka kapena dzira, zofuna mphamvu kuti zigwirizane. Muno muli mowa wokhawokha. Mukakhutchumula ayisi aphwanyika, madzi achuluka, ndipo chakumwa chichita mbuu m'malo mowala."

Ndiye kutakasa. Osati kutakasa kwa phala, kogunda m'mbali mwa poto mpaka oyandikana nawo adziwe kuti kwacha. Supuni imayenda m'mphepete mwa jagi mwakachetechete, ayisi n'kumazungulira okha, kwa masekondi ngati 30. Cholinga n'chakuti mowa uzizire, komanso ayisi asungunuke pang'ono kuti timadzito tifewetse ukali. Ndinayesa kuwafotokozera kuti kuthira madzi m'mowa ndi mlandu umene kumudzi kwathu umafika kwa anyakwawa. Anati kumeneko amathira mobisa, kuno timathira mwaluso. Kenaka anasefera m'tambula momwe munali chibuluma chimodzi chachikulu cha ayisi, poti chachikulu chimachedwa kusungunuka.

Chomaliza chinali lalanje. Anasenda kachikhungu kopyapyala, kupewa zoyera zamkati zija, n'kukafinyira pamwamba pa tambula kuti timafuta take tiwazikire pachakumwa, kenaka n'kukaponyamo. Mayi akunyumba, amene nthawi yonseyi ankaonerera ali pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, anafunsa ngati ku Cape Town anthu ayamba kudya makoko n'kutaya zipatso. Lalanje lenilenilo anadya ana, ndipo mpaka lero iwo ndi okhawo m'nyumba muno amene amachikonda chakumwachi ndi mtima wonse.

Ndinanyamula tambula. Fungo la lalanje linandilonjera bwinobwino. Palilime panayamba kutsekemera, kenaka kakutentha ka wisiki kanatsika pachifuwa, ine n'kuyamba kugwedeza mutu kuti Azungu nthawi zina amaganiza. Ndiye Campari anafika. Amafika mochedwa mkulu ameneyu, ndipo akafika sachoka. Amene munamwapo chloroquine muli ana, piritsi n'kukakamira pammero madzi atatha m'kapu, mukudziwa kumene ndinapita.

"Bwanji alamu?"

"Zapamwamba kwambiri," ndinayankha misozi ili lengelenge.

Ndinafuna kugugudiza kuti zithe msanga, koma anandiletsa. Uwu ndi womwa pang'onopang'ono, anatero, ndipo musanyengedwe ndi kuchepa kwake. Wisiki yekha ali ndi ukali wa magawo 40 pa 100 kapena kuposa, anzake awiriwo nawonso si thobwa, moti katambula kamodzi kamayandikira mabotolo awiri a mowa wamba. Ndinakhala pansi n'kumapsontha, nkhope ikukwinyika ndi kumasuka, ndipo pofika pakati pa tambula ndinazindikira chinthu choopsa. Lilime linkadikira kuwawa kuja. Kutsekemera kukayamba kutopetsa, kuwawa kumabwera kudzasesa mkamwa, ndipo umafuna kuyambiranso. Amene anakonza zimenezi ankadziwa kufooka kwa munthu.

Anthu a ku Italy sananame. Nsima itafika patebulo usiku umenewo ndinadya yanga, ndinathandiza alamu, ndipo ana anayamba kuteteza mbale zawo ndi zigongono. Mayi akunyumba anayang'ana m'mbale, anayang'ana thumba la ufa pakona, anayang'ana achimwene awo.

"Achimwene, mwatibweretsera mankhwala a matenda amene m'nyumba muno mulibe."

Alamu atabwerera, mabotolo anatsala ndi ine, ndipo ndinasanduka munthu wina. Loweruka madzulo ndinkatulutsa mpando pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, tambula m'manja, kumayang'ana kumsewu ndi maso a munthu amene lendi analipira kale. Gwynne ankaona magalimoto ndi madona a ku Paris. Ine ndinkaona akabaza ndi mbuzi ya aneba. Odutsa ankaona nkhope yanga ikukwinyika n'kufunsa kuti ndayamba liti kudwala. Aneba anga ena anabwera chonyang'ama, kuyang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti kodi zofiirazo n'zamphamvu kuposa gondolosi. Nditawauza kuti n'zoitana njala chabe, anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti ngati sindikufuna kuwauza kumene ndinagula ndingonena.

Anzanga a pabawo ndinawaitana kuti nawonso atukuke. Ndinawapatsa mbiri yonse, kuyambira Novara mpaka Paris, zaka zake osaphonya, chala chili m'mwamba. Woyamba analawa n'kupempha shuga. Wachiwiri anathiramo Fanta ndisanam'gwire dzanja. Wachitatu, mphunzitsi wopuma ntchito, anamwa mwakachetechete, n'kufunsa ngati m'malo mwa wisiki wodulayu munthu sangathiremo Malawi Gin. Ndinam'seka kuti ndi maganizo a kumudzi. Madzulo ake ndinafunsa alamu pa WhatsApp, ndipo anayankha kuti ukaika jini m'malo mwa wisiki chimatuluka ndi Negroni, chakumwa chimene amati chinabadwira ku Florence cha m'ma 1919, chotchuka padziko lonse kuposa changachi. Mphunzitsiyo sindinamuuzebe. Ali kale ndi matama okwanira.

Nkhondo yeniyeni inali ya firiji. Wisiki ndi Campari amakhala m'kabati osadandaula, koma vermouth ndi vinyo, ndipo ukam'tsegula mpweya umayamba kumuononga. Amafuna pozizira, ndipo ngakhale pamenepo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri kukoma kumayamba kuthawa. Tsono firiji ya m'nyumba muno si ya banja, ndi ya kampani. Mmenemo ndi mmene mayi akunyumba amaumitsira mafirizesi ogulitsa kwa ana asukulu, ndipo malo alionse amene botolo langa ndi ayisi wanga akhala, iwo amawawerengera m'makwacha. Magetsi akathima amathamangira kukaona katundu wawo, ine ndimathamangira kukaona botolo, n'kugundana pakhomo la khitchini. Ndinawauza kuti njira yokhayo yopulumutsira vermouth ndi kumumwa asanaonongeke, ndipo ndikudzipereka kutero chifukwa chodana ndi kuononga zinthu. Sanathokoze.

Kenaka wisiki anatha, anzake akadali ndi moyo. Ndinatenga pensulo ndi kope la mwana n'kuwaitana mayi kuti aone okha kuti si nkhani ya uchidakwa koma ya masamu. Botolo lililonse ndi la mamililita 750. Pa 45 tambula iliyonse, wisiki amapereka matambula 16 ndi kakusiyira. Pa 30, Campari ndi vermouth amapereka 25. Choncho kuti nditsirize awiriwa ndiyenera kugula wisiki wina. Koma wisiki wachiwiriyo adzatsala awiriwa atatha, ndiye ndidzafunika Campari ndi vermouth wina kuti ndim'tsirize. Mabotolo onse amathera tsiku limodzi pokhapokha munthu atagula atatu a wisiki, awiri a Campari ndi awiri a vermouth, pa tambula ya nambala 50. Ndinalemba mzere kunsi kwa yankho ndi kunyada konse, n'kupempha kuti bajeti ya mwezi uno iganizire za sayansi.

Anatenga kopelo, kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kupempha pensulo.

"Abambo, achimwene aja anati m'buku la 1927 muyeso unali wotani?"

"Zonse zofanana, amayi. Koma zimenezo n'zachikale."

"Mukanatsata zachikalezo, mabotolo atatu onse akanathera limodzi pa tambula ya 25, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene anaonjezera 15 uja ndi wogulitsa wisiki. Zotsalazo mupatse aphunzitsi aja, ali ndi jini wawo."