Lenzi yomeza phiri yautsa mkangano m'tauni

Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa pakati pa ojambula zithunzi mu Blantyre muno ndi ya lenzi yotambalala, ija imameza thambo, phiri ndi munda wa tiyi pa chithunzi chimodzi. Anyamata amene dzulodzuloli ankangodziwa maukwati ndi zinkhoswe tsopano mtima uli ku Mulanje, ndipo aliyense wasanduka mphunzitsi wa mnzake.

Ku Limbe anthu akuseka mkulu wina amene anaitanitsa lenzi ya 16-35mm ku Joni, n'kuimanga pa Canon yake ya sensa yaing'ono. Atasuzumira anayamba kulalata kuti amubera. "Achimwene, palibe wakuberani," anamuuza anzake, "chulukitsani ndi 1.6." Pa kamera yotereyi 16mm imaona ngati 26mm, choncho yomuyenera inali 10-18mm, yomwenso ndi yotsika mtengo. A Nikon amachulukitsa ndi 1.5, ndipo akuyenda monyada ndi kusiyana kwakung'onoko.

Mkangano waukulu uli pa f/2.8 ndi f/4. Gulu lina likuti wopanda f/2.8 sanayambe ntchito. Amene anakwerapo phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula akungopukusa mutu: lenzi yolemera imakoma m'sitolo, pa chitunda imakutembenukira. Ine ndili mbali yawo. Chithunzi cha malo chimajambulidwa pa f/8 kapena f/11, kamera itakhazikika pa miyendo yake itatu, ndiye ndalama zoonjezera za f/2.8 ukulipirira kuwala kumene sukugwiritsa ntchito. Wofuna nyenyezi za usiku ku Nyika yekhayo ndiye ali ndi chifukwa, ndipo iyenso Samyang 14mm f/2.8 imukwanira, bola alolere kupotokola fokasi ndi dzanja.

Koma chimene chikuwawa ambiri n'china. Mtsikana wina wojambula bwino ndithu anapita ku Thyolo ndi 14mm, akuti akatenge Mulanje yense. Anamutengadi, koma phiri lija, lomwe nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, linatuluka ngati chulu kumapeto kwa munda, pamwamba thambo lokhalokha. Lenzi imeneyi imakankhira kutali zakutali, n'kukuza zapafupi. Imafuna ugwade, uyandikire mwala, tsamba la tiyi lonyowa ndi mame kapena madzi a pa Dziwe la Nkhalamba mpaka utatsala pang'ono kuwakhudza, phiri libwere pambuyo. Ukangoima pa Emperor's View ku Zomba n'kutambasula, ubwerako ndi chigwa chaphwete, makamaka mu Okutobala utsi wa moto wa tchire utaphimba zonse.

Za mafyuluta nazo zavuta. Wina akudzitama ndi Nikon 14-24mm f/2.8 yakale ija, galasi lake lotukuka kutsogolo, koma fyuluta wamba yopotokola siikwana pamenepo. Winanso anaika polarizer pa 16mm, thambo n'kuda mbali imodzi, iye n'kumati mvula ikubwera.

Ogula lenzi yogwiritsidwapo kale ntchito akulangizana kuti aziiunika ndi tochi, chifukwa chinyontho cha dzinja chimameretsa chuku mkati mwa magalasi. Apo mnyamata wina wogulitsa mayunitsi, amene amamvetsera zonsezi mwakachetechete, anatulutsa foni, n'kudina 0.5 pa kamera yake, n'kufunsa mwaulemu kuti: "Mabwana, kodi imene mukulimbiranayi si yomweyi?" Mpaka lero sanagwirizane chomuyankha.