Ulemu kwa Galimoto ya Hayala

Kabaza timamutamanda, ngolo timaithokoza, koma palibe amene anaimapo pabwalo kuyamikira galimoto ya hayala, mfumu yosalongedwa ya nyengo ya Khirisimasi. Lero ndiima ine.

N'chiyaninso china chimene chingasandutse kalaliki wa ku Area 25, wokhala nyumba ya lendi, kukhala bwana kwa masiku atatu? M'mawa anali m'minibasi, atapanikizana anayianayi. Madzulo ali pamsewu wa M12, chigongono pawindo, akudutsa Msundwe, Namitete ndi Kamwendo ngati phulalo anathira yekha. Ka Sienta kameneka kanakalambira ku Japan, kanawoloka nyanja, kanatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zonsezi kuti mwana wa kwathu akafike ku Ludzi nsapato zili mbee. Mtima wotere ngosowa.

Azungu amapita ku Ireland kukachita hayala galimoto n'kumazungulira m'midzi, kuyenda kumanzere ngati ife, kuonerera nkhosa ndi mipanda ya miyala. Asiyeni. Nkhosazo siziwadziwa. Ife tikangopatuka paphula, mbiri imatsogola. Ana amathamangira fumbi, amayi amaimika musi, ndipo amalume amazungulira galimoto kawiri asanapereke moni. "Mphwanga, wagula liti?" Iwe umangoseweretsa makiyi n'kuti, "Amalume, zonse ndi Mulungu." Bodza sunanene. Galimoto ya hayala imasunga chinsinsi kuposa nkhoswe.

Ubwino wake weniweni umaoneka mvula ya Disembala ikagwa. Pakanjira kolowera kumudzi, kuseri kwa mishoni, imasankha dambo labwino n'kukhala pansi mwaulemu. Apo ndiye mudzi umagwirizana. Anyamata amasiya mizere ya mtedza, wina wanyamula khasu, wina nthambi, wina wangobwera ndi nzeru. Anthu amene anasiya kulankhulana chifukwa cha malire a munda amakankha phewa ndi phewa, onse matope mpaka m'makutu. Anyakwawa akhala akulephera zimenezi kwa zaka. Galimoto yachita pa ola limodzi, ndipo aliyense wapita ndi kangachepe ka sopo kochokera m'thumba mwako.

Ku Japan anaipangira anthu asanu ndi awiri, koma ku Ludzi imaphunzira mwambo. Tsiku la Khirisimasi imatenga apongozi kupita ku Misa, pamodzi ndi kwaya ya m'limana. Usiku imasanduka ambulansi. Pobwerera imasenza thumba la chimanga, mbatata, nkhuku ziwiri zomanga miyendo ndi msuweni amene wangoganiza pompo zokafuna ntchito ku Lilongwe. Sidandaula. Imangolira pang'ono kunsi.

Tisaiwale mwini wake, munthu wachikondi, amene amaimba foni katatu patsiku kufunsa ngati mwayenda bwino. Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo iye mwambiwu amaudziwa bwino: Lolemba adzagwada pansi, adzapeza kamzere pachitseko kamene maso ako sanakaone, n'kukakonda kwambiri mpaka ndalama ya chikole osabweza. Januwale yense udzayenda wapansi, thupi lidzalimba. Imeneyonso ndi mphatso yake.

Tsono abale anga a ku Ludzi, chaka chino mukaona ndabwera pa yoyera pomwe chaka chatha inali yakuda, musafunse zambiri. Tengani makasu, tikumane padambo paja.