Ulemerero wa Eriyo ya pa Nsungwi

Eriyo ndi chitsulo chopepuka cha nthiti zingapo chimene chimamangidwa kunsonga kwa nsungwi kapena mtengo wa bulugamu, ndipo m'boma la Ntcheu palibe katundu wa pakhomo amene amakhala pamwamba kuposa iyo. Woyenda mumsewu wa M1 kuchokera ku Lizulu, kudzera pa Mlangeni ndi Biriwiri mpaka ku Kampepuza, amayamba waona eriyo asanaone mwini nyumba. Mpando umenewu sinachite kulanda. Mafunde onyamula zithunzi amayenda molunjika, ndipo mapiri a Kirk Range amawatchinga, choncho eriyo imayenera kukwera kuti ikawalandire. Ya m'chigwa cha Bwanje imafuna nsungwi ziwiri zolumikiza, pomwe ya pamtunda nthawi zina imakhutira ndi imodzi.

Mbiri yake ndi yolemekezeka. Mtundu wa nthitiwu anautulukira ku Japan mu 1926 akatswiri awiri, Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi. Kuti ipeze ntchito kuno inadikira zaka zoposa 70 osadandaula, pakuti m'nthawi ya Kamuzu Banda dziko linalibe wailesi yakanema, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Pangano la ku Geneva la 2006 litaika 17 June 2015 ngati tsiku losiyira kaulutsidwe kakale ndi kulowa ka digito, zinkaoneka ngati eriyo ikapuma. Sinapume. Dikoda ya Kiliye Kiliye ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, ngakhalenso ya GOtv, popanda eriyo ndi kabokosi koyaka getsi basi.

Kuilumikiza ndi dikoda kumayamba ndi kebulo. Pakati pake pali waya mmodzi wa kopa, wokutidwa ndi pulasitiki yoyera, ndipo kunja kwa pulasitikiyo kuli ukonde wa timawaya tating'ono. Wolumikiza amasenda nsonga ndi lezala, n'kupindira ukondewo m'mbuyo, n'kulowetsa pulagi. Kawaya kamodzi ka ukonde kakangokhudza waya wa pakati, chithunzi sichibwera, ndipo eriyo, poti ndi yaulemu, sinena kuti wina walakwitsa. Imangokhala chete mpaka wosendayo adziwe yekha. Pulagi imalowa kuseri kwa dikoda pakabowo kolembedwa ANT IN kapena RF IN. Kuchoka apo chingwe cha HDMI chimapita ku TV, kapena ngati TV ndi ija ya chimsana, zingwe zitatu: chachikasu cha chithunzi, choyera ndi chofiira cha mawu. Kenako dikoda imauzidwa ndi rimoti kuti ifufuze matchanelo.

Apa m'pamene ukulu wa eriyo umaonekera, chifukwa kuilozetsa kumene kuli nsanja yotumizira mafunde si ntchito ya munthu mmodzi. Pamafunika wina wogwira nsungwi panja, wina woyang'ana TV m'nyumba, ndi wachitatu woima pawindo kuti azipereka uthenga. Mawu a mwambowu sasintha. "Pamenepo, amalume!" "Ayi, mwapitirira, bwezani pang'ono." "Kumanzere kwanu kapena kwanga?" "Yabwera! Musagwedezeke!" Bambo amene salamulidwa ndi aliyense pakhomo amamvera mwana wa Sitandade 4 mopanda kuwiringula, khosi lili m'mwamba, manja atakumbatira nsungwi. Palibe bwalo la mfumu limene linakwanitsapo kuchepetsa munthu wamkulu mwamtendere chotere. Vuto limodzi lokha ndi lakuti malo abwino nthawi zambiri amapezeka wogwirayo akadali chigwirire, ndipo akangotaya kuti atenge waya womangira, chithunzi chimapita naye.

Kaulutsidwe ka digito kawonjezera pa eriyo khalidwe la kunena zoona. Kale munthu ankatha kuonera mpira osewera akuoneka awiriawiri m'kati mwa chifunga, n'kumadzinamiza kuti akuonera. Lero mafunde akakwana, MBC, Times ndi Zodiak zimaoneka mbee. Akachepa, nkhope ya wowerenga nkhani imasweka timabokosi, mawu amadukaduka, kenako pamabwera uthenga wa No Signal. Zapakatikati kulibe. Ena amaidandaula kuti imakonda kuuma pamene wosewera wa Bullets kapena Wanderers watsala ndi goloboyi yekha. Odandaulawo saganizira mitima ya okalamba imene yapulumuka chifukwa chomva zigoli mochedwa kuchokera kwa aneba.

Adani a eriyo ndi ambiri ndipo imawapirira onse. Mphepo ya mwera ya mu June ndi July imaitembenuza usiku, m'mawa n'kupezeka yaloza ku Mozambique. Akhwangwala amatera panthiti zake n'kuzipinda. Chiswe chimadya nsungwi kuyambira pansi. M'dzinja madzi amalowa polumikizira, dzimbiri n'kuyamba, ndipo nthawi zina amatsetsereka m'kati mwa kebulo mpaka kukafika ku dikoda. Kukamachita ziphaliwali, mwini nyumba wanzeru amazula kebulo, chifukwa chitsulo chokhala pamwamba pa zonse chimatha kulandiranso mphenzi. Magetsi akazima, eriyo yokha ndiyo imapitiriza ntchito, kulandira mafunde amene palibe akuwaonera.

Chisamaliro chimene imapempha n'chochepa. Polumikizira pamakulungidwa ndi tepi kuti madzi asalowe. Kebulo imakhotetsedwa pang'ono kuloza pansi isanalowe m'nyumba, kuti madontho azigwera panja. Tsinde la nsungwi limapakidwa oyilo wakutha kuti chiswe chisayandikire, ndipo mawaya atatu omangirira kuzikhomo amailimbitsa pamphepo. Malo abwino akapezeka, pansungwi ndi pakhoma pamalembedwa mzere wa penti kuti mwera ukadzaitembenuza, ibwezedwe mosavuta. Mabanja ambiri mzerewu salemba, ndipo mwambo wa pawindo umachitikanso chaka chamawa.